Dziko la njinga, likulu la magalimoto

Tsiku la msika pa Nachisaka, m'boma la Dowa, wofuna kudziwa chomwe chimayendetsa chuma cha kumapiri kuno angoyang'ana pansi pa mitengo. Njinga zimakhala zitatsamira paliponse, zina zitagona pansi poti zilibe choimikira, zina zikadali ndi zingwe zamphira zolendewera pa kaliyala. Zabwera ndi soya, mtedza, nyemba, kachewere ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Madzulo zibwerera ndi feteleza, mchere, sopo, mwina ndi malata awiri atatu okulungidwa bwino. Magalimoto omwe aima pamsikapo ndi owerengeka, ndipo ambiri ndi a mavenda odzagula mbewu.

Njinga ya kuno ndi yogwirira ntchito. Mwini wake amachotsa kaliyala wa kufakitale n'kukawotcheretsa wina wa zitsulo zomangira nyumba. Gudumu lakumbuyo amalilukitsanso ndi masipoko okhuthala. Matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50 amakhala kumbuyo, lachitatu amalipanikiza pakati pa fulemu. Pa chitunda palibe zopalasa. Munthu amatsika, dzanja limodzi pa handulo, lina pa chishalo, phewa n'kutsamira pa thumba, kumakankha mpaka pamwamba thukuta lili kamukamu. Potsetsereka ndiye pamafunika kulimba mtima, chifukwa timphira ta mabuleki timakhala titatha kale, ndipo ena amachepetsa liwiro pokhuza tayala ndi chidendene cha nsapato.

Izi sizichitika ku Dowa kokha. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mabanja pafupifupi 40 pa 100 alionse m'Malawi ali ndi njinga, pomwe okhala ndi galimoto sakwana 5 pa 100. Mlangizi wa zaulimi amafika kwa alimi pa njinga. Mlangizi wa zaumoyo amapita ku sikelo ya ana pa njinga. M'midzi ina mayi wodwala amafika ku chipatala pa ambulansi yokokedwa ndi njinga. Agogo ambiri akukumbukirabe kuti mnyamata wobwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni kapena ku Salisbury ankadziwika ndi Humber kapena Raleigh yonyezimira.

Koma njinga yomweyo ikalunjika ku likulu, malo ake amanka nachepa. Ikadutsa pa Dzaleka n'kukalowa mu M1 cha ku Lumbadzi, imayamba kulimbirana m'mphepete mwa phula ndi mathiraki. Pofika ku Kanengo, wopalasa amakhala akuyang'ana kumbuyo kuposa kutsogolo. Mkati mwa Lilongwe amangokhala ngati wolowerera, wolizidwa hutala, woyenera kugwera m'fumbi galimoto ikafuna kudutsa.

Mizinda ikuluikulu yambiri padziko lapansi ikuwononga ndalama zankhaninkhani kunyengerera anthu kuti asiye galimoto n'kukwera njinga. Lilongwe ali ndi vuto losiyana, lopepukirapo: okwera njinga alipo kale, ochuluka, ndipo chomwe akusowa ndi podutsa.

Likulu lomangidwa motalikirana

Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, linapeza ngongole ku South Africa, ndipo akatswiri omwe anajambula pulani yoyamba anachokeranso ku Johannesburg. Bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo Lilongwe anakhala likulu mu 1975. Maganizo a nthawiyo anali a mzinda wotakasuka, wa mitengo yambiri, wogawidwa m'madera a manambala: maofesi kwaokha, mafakitale kwaokha, nyumba zogona kwazokha. Capital Hill ndi City Centre anazimanga patali ndi tauni yakale, pakati n'kusiya nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Mafakitale ndi okushoni ya fodya zinapita ku Kanengo, bwalo la ndege kufupi ndi Lumbadzi.

Kwa bwana wokhala ku Area 10 kapena Area 43, galimoto ili pakhomo, pulani imeneyi inalibe vuto. Kwa mesenjala, mlonda ndi wantchito wam'nyumba wochokera ku Kawale kapena Area 25, inatanthauza mtunda wautali m'mawa ndi madzulo. Kenaka anthu anachuluka kuposa momwe ojambula aja anaganizira. Chinsapo, Mtandire, Mgona, Kauma ndi Area 36 zinakula m'mphepete, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzindawu. Ambiri mwa iwo amayenda pansi, pa minibasi, pa kabaza kapena pa njinga yawoyawo.

Umboni woti mzindawu unaiwala anthu amenewa uli pa mtsinje wa Lilongwe, pafupi ndi msika waukulu. Kwa zaka zambiri anyamata akhala akumanga timilatho tamitengo pamenepo n'kumalipiritsa aliyense wowoloka, ndipo anthu amalipira mosanyinyirika chifukwa kuzungulira ku mlatho wa magalimoto ndi kutaya nthawi. Pomwe pulani sinaike njira, anthu anadziikira okha.

Msewu ukakula, magalimoto amachulukanso

M'zaka zapitazi magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan akhala akulowa m'dziko muno mwaunyinji, ambiri kudzera ku Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe. Misewu ya Lilongwe yomwe kale inkakhala yopanda kanthu masana inayamba kuthina m'mawa, nthawi ya nkhomaliro ndi poweruka. Yankho lomwe linabwera msanga ndi kukulitsa misewu. Mu 2020 pa Area 18 panatsegulidwa mphambano yamsanja, yoyamba m'dziko muno. Mu 2021 inayamba ntchito yokulitsa Kenyatta Drive kukhala wa mizere 6, ndipo mitengo yambiri ya m'mbali mwake inagwetsedwa, zomwe anthu ambiri anadandaula nazo. Msewuwo tsopano ukutchedwa dzina la malemu Dr Saulos Klaus Chilima. Mzimba Street nayo inakulitsidwa, chimodzimodzi gawo la M1 lochokera pa Crossroads kukafika ku Kanengo.

Palibe angakane kuti misewu imeneyi yasintha maonekedwe a likulu. Koma mizinda ina inayenda kale njira imeneyi ndipo mathero ake akudziwika. Ku Houston, m'dziko la America, msewu wa Katy Freeway anaukulitsa mpaka kufika mizere yoposa 20 m'malo ena, ntchito yomwe inatha mu 2008. Patangopita zaka zochepa, ulendo wa m'mawa ndi madzulo pamsewuwo unayambanso kutenga nthawi yaitali. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Msewu ukatakasuka, yemwe ankakwera basi amagula galimoto, yemwe ankazengereza ulendo amanyamuka, ndipo omanga nyumba amapita kutali kwambiri poti "msewu ndi wabwino". Kukulitsa msewu pofuna kuthetsa kuthithikana kuli ngati kumanga nkhokwe yaikulu pofuna kuthana ndi anankafumbwe.

Akatswiri a zamisewu ali ndi masamu omwe amawagwiritsa ntchito kawirikawiri. Mzere umodzi wa msewu, wa mamita 3.5 m'lifupi, umadutsitsa anthu pafupifupi 2,000 pa ola ngati aliyense ali m'galimoto yake. Mzere womwewo ukapatsidwa kwa apanjinga ungadutsitse anthu pafupifupi 14,000. Pamalo poimika galimoto imodzi pangaime njinga 10.

Kwa Malawi palinso nkhani ya mafuta. Petulo ndi dizilo yense amachokera kunja, kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe dziko limazipeza movutikira pogulitsa fodya, tiyi, shuga ndi mbewu zina. Ndalamazo zikasowa, mizere ya magalimoto imatalika pa malo omwetsera mafuta, monga zinachitikira mu 2011 ndi 2012, mu 2022 komanso kumapeto kwa 2024. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo nthawi zonse mtengo wa minibasi unkatsatira pambuyo. Masiku osowa mafuta madalaivala amagona m'galimoto podikira thanki, pomwe wapanjinga amadutsa pambali pa mzerewo n'kukafika ku ntchito pa nthawi yake. Fodya yemwe mlimi wa ku Dowa amatumiza ku Kanengo ndi yemwe amabweretsa gawo lalikulu la ndalama zogulira mafuta amenewa, chonsecho mlimiyo ndi yemwe amakankhidwira m'ngalande akalowa m'tauni.

Omwe anabwerera m'mbuyo

Anthu akamva za Amsterdam amaganiza kuti Adatchi anabadwa ali pa chishalo. Zoona zake n'zakuti pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, Netherlands nayo inatengeka ndi galimoto. Nyumba zinagumulidwa pofuna kukulitsa misewu, mabwalo a m'tauni anasanduka moimika magalimoto. Mu 1971 anthu pafupifupi 3,300 anafa pa ngozi zapamsewu m'dzikolo, ana oposa 400 ali m'gulu lomwelo. Makolo anakwiya n'kuyambitsa gulu lotchedwa Stop de Kindermoord, lofuna kuti kuphedwa kwa ana pamsewu kuthe. Mu 1973 mafuta anasowa, ndipo boma linaletsa magalimoto kuyenda Lamulungu kwa milungu ingapo. Kuchokera pamenepo makhonsolo anayamba kumanga njira za njinga zopatukana ndi za magalimoto komanso kuchepetsa liwiro m'madera okhala anthu. Lero m'dzikolo njinga n'zambiri kuposa anthu, ndipo ulendo umodzi pa maulendo anayi alionse umakhala wa pa njinga. Zinawatengera zaka makumi angapo kukonza zomwe anaononga m'zaka zochepa.

Beijing ndi chenjezo lomwe likutikhudza kwambiri. M'zaka za m'ma 1980 anthu oposa theka mumzindawo ankapita ku ntchito pa njinga. Chuma chitayamba kukwera, njinga inayamba kuoneka ngati chizindikiro cha umphawi, njira zake zinalandidwa ndi magalimoto, ndipo pofika 2010 okwera njinga sankakwana 20 pa 100. M'malo mwake munabwera utsi ndi mizere ya magalimoto yosatha. Tsopano akuluakulu a mzindawo akumanganso njira za njinga pofuna kubweza zomwe anali nazo kale mwaulere.

Seville, ku Spain, anaonetsa kuti ntchitoyi ingachitike msanga. Pakati pa 2006 ndi 2007 khonsolo inamanga makilomita pafupifupi 80 a njira za njinga nthawi imodzi. Njirazo zinali zolumikizana, zotchingidwa kuti galimoto isalowemo, ndipo malo ambiri anawatenga pomwe kale pankaima magalimoto. Eni masitolo ena anakwiya poyamba. Koma m'zaka zochepa maulendo a pa njinga anakwera kuchoka pa osakwana 1 kufika pa pafupifupi 6 pa 100 alionse. Chinsinsi chinali kulumikizana kuja, chifukwa munthu sakwera njinga pa njira yomwe imamusiya pakati pa mathiraki ikatha mamita 500.

Ku Bogotá, likulu la Colombia, chiyambire m'zaka za m'ma 1970 misewu ina ikuluikulu imatsekedwa kwa magalimoto Lamulungu lililonse kuti anthu apalase, athamange ndi kuyenda ndi ana. Lero misewu yotsekedwayo imapitirira makilomita 120. Meya Enrique Peñalosa, yemwe analamulira mzindawo kuyambira 1998, anamanga njira za njinga zofika mpaka m'madera a anthu osauka, ponena kuti wokwera njinga yotsika mtengo ndi wofunika mofanana ndi woyendetsa galimoto yodula. Paris nayo, pansi pa meya Anne Hidalgo, inachotsa magalimoto ambiri mumsewu wotchuka wa Rue de Rivoli mu 2020, ndipo mu 2021 inaika liwiro la makilomita 30 pa ola m'misewu yambiri ya mzindawo.

Wina anganene kuti izo ndi za mayiko olemera. Koma zitsanzo zili pafupi. Ku Quelimane, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, njinga za kabaza ndizo zimanyamula mzinda wonse, ndipo meya Manuel de Araújo, yemwe anasankhidwa mu 2011, m'malo mozithamangitsa anazilandira, anaika njira zake, iye mwini n'kumaoneka akupalasa m'tauni. Chipata, kungodutsa malire a Mchinji, amadziwika ku Zambia konse ngati tauni ya njinga, ndipo kunali fakitale ya Luangwa Industries yomwe inkapanga njinga za Eagle. Kigali anayamba masiku opanda magalimoto mu 2016, Addis Ababa mu 2018. Palibe mwa mizinda imeneyi womwe unadikira kulemera kaye.

Zomwe Lilongwe angachite

Chinthu choyamba ndi chitetezo, chifukwa mantha ndi omwe amatsitsa anthu pa njinga. Lipoti la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO la 2018 linayerekeza kuti m'Malawi anthu 31 pa 100,000 alionse amafa pamsewu chaka chilichonse, chimodzi mwa ziwerengero zokwera kwambiri padziko, ndipo oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi ndi apanjinga. Liwiro ndilo limasiyanitsa wovulala ndi wakufa. Munthu wogundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 30 pa ola nthawi zambiri amapulumuka. Pa makilomita 60 mwayi wake umakhala wochepa kwambiri. Choncho pafupi ndi misika, masukulu ndi madepoti, mahampu ndi malo owolokera okwezedwa amapulumutsa anthu ambiri kuposa chikwangwani chongolemba nambala.

Chachiwiri ndi njira yeniyeni. Mzere wa penti paokha suthandiza, chifukwa mawa lake pamaima minibasi yoitanira anthu, pena benchi ya tomato, pena mulu wa mchenga wa womanga nyumba. Pamafunika kakhoma ka simenti kosiyanitsa njinga ndi galimoto. Njirayo iyeneranso kukhala yotakasuka molingana ndi njinga zathu, zomwe zimanyamula madengu otambalala, mitolo ya nkhuni ndi makireti a zakumwa. Njira yongokwana munthu mmodzi wopanda katundu, ngati ya ku Ulaya, kuno ingakhale yopapatiza, ndipo wonyamula makala abwerera mumsewu waukulu.

Chachitatu ndi kulumikiza. Ngakhale pomwe msewu watsopano wasiya malo m'mbali, malowo amathera pomwe ntchito ya kontilakitala inathera, ndipo wopalasa amapezeka ali pa roundabout ya mizere itatu osadziwa kolowera. Mapu a njira za njinga ayenera kuyambira komwe anthu amagona n'kukathera komwe amagwira ntchito: Area 25 ndi Mgona kupita ku Kanengo, Chinsapo ndi Likuni kupita ku tauni, Kawale ndi Area 23 kupita ku City Centre, Mtandire kupita ku Area 47 ndi 49. Mwayi ulipo chifukwa mzindawu uli pa chigwa chopanda mapiri aakulu, ndipo pulani yakale ija inasiya malo ambiri m'mbali mwa misewu ndi mitsinje. Kutalikirana komwe kumazunza woyenda pansi kumapepuka pa njinga: makilomita 10 omwe amatenga maola awiri wapansi, wopalasa amawamaliza m'mphindi 40.

Chachinayi ndi posungira. Pamisika yambiri ya m'maboma pali kale anthu omwe amasunga njinga za ena pa kandalama kochepa, mwini wake n'kupatsidwa kachikatoni ka nambala. Maofesi, mabanki ndi masitolo akuluakulu a mu Lilongwe ali ndi malo a magalimoto ndi mlonda wake, koma wobwera pa njinga amauzidwa kuti aisiye kunja kwa geti. Zitsulo zingapo zomangirirapo loko, pamthunzi, pamaso pa mlonda yemweyo, sizingadye ndalama zambiri.

Ndipo pali akabaza. Makhonsolo a mizinda akhala akulimbana nawo nthawi ndi nthawi, pena kuwaletsa kufika pakati pa tauni. Komatu mnyamata woima pa siteji, kaliyala atamuika khushoni ndi zopondapo, akuitana kuti "Mayi, tipite?", akugwira ntchito yomwe basi ya boma ikanagwira ikanakhalapo. Masiteji ambiri ali kale ndi wapampando, malamulo ndi kathumba kothandizana pa maliro kapena pa ngozi. Magulu amenewa amadziwa mphambano iliyonse yoopsa ndi nthawi yomwe anthu amachuluka. Wojambula njira za njinga akawafunsa angaphunzire zambiri m'tsiku limodzi.

Zopinga zomwe sizingabisike

Chopinga chachikulu chili m'mitu. Kwa ambiri, kukwera pa ntchito kumaonekera pa kiyi wa galimoto, ndipo mkulu wa ofesi akabwera pa njinga anthu amayamba kunong'onezana kuti zinthu zamuvuta. Maganizo amenewa ndi omwe anagwetsa njinga ku Beijing. Amasintha pokhapokha njira zikakhala zabwino moti mphunzitsi, namwino ndi wa ku banki aone kuti pa njinga akufika msanga ndipo ndalama ya mwezi ikutsalako.

Chachiwiri ndi njinga yamoto. M'zaka khumi zapitazi zachuluka kwambiri, m'tauni ndi kumudzi komwe, ndipo pamapiri a Dowa ndi Ntchisi n'zosadabwitsa: chitunda chomwe wakapalasa amakankha theka la ola, yamoto imachikwera mwa kanthawi. Zathandiza odwala ndi amalonda. Koma zambiri zimayenda popanda nambala, oyendetsa opanda chiphaso, okwera opanda chipewa chodzitetezera, ndipo madokotala a mafupa ku chipatala cha Kamuzu Central akhala akudandaula za kuchuluka kwa othyoka miyendo pa ngozi zake. Nazonso zimadya mafuta ogulidwa kunja. Njira ya njinga ikamangidwa popanda lamulo lomveka, yamoto ndiyo idzayamba kulowamo, ndipo mwana wasukulu wopalasa adzakhalanso pa ngozi yomwe ija.

Chachitatu ndi mtengo. Njinga ndi zipangizo zake, kuyambira tcheni, chubu, habu mpaka timipira ta m'maberingi, zambiri zimachokera ku India ndi China, choncho kwacha ikagwa nazo zimakwera. Zambiri zotsika mtengo sizilimba pa katundu wa kumudzi. Bungwe la World Bicycle Relief, lomwe linayamba mu 2005, linapanga njinga ya Buffalo yomwe kaliyala wake amanyamula makilogalamu 100, ndipo ikupezeka m'Malawi ndi ku Zambia, koma mtengo wake si wa aliyense. Apa ndi pomwe ngongole zing'onozing'ono za m'mabanki am'mudzi, makalabu a alimi ndi mabwana olemba ntchito zingathandize, komanso kuunikanso misonkho ya zipangizo.

Chomwe chilipo kale, ndipo sichifuna thandizo la kunja, ndi amisiri. Pa siteji iliyonse pali bambo wokhala pansi pa mtengo, pambali pali beseni la madzi akuda, pampu, masipanala atatu ndi chitini cha girisi. Amamiza chubu m'madzi kufuna pomwe pakutuluka thovu, amapala ndi kachitsulo, amapaka guluu, amadikira pang'ono kuti aume, n'kumata chigamba chodulidwa ku chubu china chakale. Limu yopindika amaiwongola ndi diso lokha, akumangitsa sipoko iyi n'kumasula iyo. Mizinda ya ku Ulaya yomwe ikubwerera ku njinga ikusowa anthu otere.

Amayi nawo ali ndi zawo. Ambiri m'chigawo chapakati amapalasa, mwana ali kumbuyo, koma njinga zochuluka pamsika ndi za chitsulo chopingasa pakati, chovuta kukwera utavala chitenje. Njinga zopanda chitsulo chimenechi, komanso nyali za mumsewu m'njira zodutsa m'malo obisika, zingachulukitse amayi ndi atsikana opalasa. Za mvula ndi dzuwa, yankho lake ndi ngalande zabwino ndi mitengo ya mthunzi m'mbali mwa njira, zomwe zikutanthauza kuti pokulitsa msewu mitengo iziwerengedwa ngati gawo la msewuwo.

Matauni omwe akubwera

Nkhaniyi sikuthera ku Lilongwe. Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, akufuna kuti anthu ambiri adzakhale m'matauni, ndipo boma linasankha malo asanu ndi atatu oti akule kukhala mizinda: Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima, Mangochi, Liwonde, Luchenza ndi Bangula. M'malo onsewa njinga ikadali mfumu ya msewu. Akadzatengera chitsanzo cha likulu, chomanga motalikirana n'kusiya wapanjinga m'fumbi, adzafunika kudzagumula ndi kumanganso monga anachitira Adatchi. Kuika njira ya njinga msewu ukadali pa pepala kumangowonjezera pang'ono pa mtengo wa ntchito yonse. Kudzaiika pambuyo, masitolo ndi mipanda zitafika kale m'mphepete mwa phula, kumafuna chipukuta misozi ndi milandu.

Ku Dowa ndi Ntchisi funsoli lafika kale pakhomo. Ntchito yokonzanso M1 kuchokera pa mphambano ya ku bwalo la ndege la Kamuzu kulowera kumpoto, yothandizidwa ndi European Union ndi European Investment Bank, yadutsa pa Mponela ndi Madisi, pomwe tsiku la msika anthu, njinga, ngolo ndi mathiraki opita ku Tanzania zimakumana pamalo amodzi. Msewu wochokera ku Dzaleka kupita ku Ntchisi mpaka ku Malomo nawo wakhala ukuikidwa phula pang'onopang'ono. Alimi akuuyembekezera ndi mtima wonse, chifukwa udzatsitsa mtengo wonyamulira mbewu ndipo ambulansi idzafika msanga. Koma phula limabwera ndi liwiro. Msewu wafumbi umakakamiza dalaivala kuyenda pang'onopang'ono, pomwe pa phula losalala galimoto yomweyo imadutsa pa sukulu ya pulayimale ngati ili pa mpikisano.

Mapulani a misewu ikuluikulu amavomerezedwa ndi Roads Authority, ndipo ntchito isanayambe pamakhala misonkhano yomva maganizo a anthu okhudzidwa. Nthawi zambiri zokambirana zimathera pa chipukuta misozi cha minda, mitengo ndi manda, komanso ntchito za anyamata a m'deralo. Mafumu, makhansala, makomiti a chitukuko a m'midzi ndi m'madera, aphunzitsi aakulu ndi apampando a akabaza ali ndi ufulu wofunsanso mafunso ena pamisonkhano yomweyo: m'mphepete mwa phula mudzatsala mamita angati, mahampu adzakhala pati, ana adzawolokera pati, pa mlatho padzakhala malo a munthu wokankha njinga ya matumba atatu kapena ayi, ndipo pa msika minibasi zidzaima pati kuti zisatseke njira. Mayankho a mafunso amenewa amalembedwa m'pulani miyezi yambiri thirakitala yoyamba isanafike, ndipo kontilakitala amamanga zokhazo zomwe zalembedwamo.